Kukhalirana Pansi pa Nkhani za Mudzi ndi za Dziko

Kapepala aka tiwerenge mosinthana, aliyense ndime yake. Tikafika pa funso tiime kaye n'kukambirana. Nthawi ikatithera tisanamalize palibe cholakwika, tidzapitiriza tikadzakumananso.

Kumene tachokera

M'gulu ngati lathuli mumapezeka mibadwo iwiri. Alipo amene akukumbukira nthawi imene munthu asanatchule dzina la mtsogoleri wa dziko ankayamba wacheuka uku ndi uku, nthawi imene pachipata cha msika kapena pokwera basi ankakufunsa khadi la chipani. Aliponso achinyamata amene anabadwa zonsezi zitatha, amene kwa iwo kuimba foni ku wailesi n'kudzudzula nduna ya boma ndi chinthu wamba ngati kugula tomato. Ndi bwino mibadwo iwiriyi iuzane, chifukwa ufulu wolankhula umene tili nawowu sunagwe ngati mvula.

Pa 8 Marichi 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Kalatayo inatchula zinthu zimene aliyense ankazidziwa koma palibe ankazinena pagulu: malipiro ochepa a antchito, mavuto a m'zipatala ndi m'sukulu, anthu otsekeredwa m'ndende osazengedwa mlandu, ndi mantha amene anatseka anthu pakamwa. Boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo kunasanduka mlandu. Koma mawu akatuluka sabwezedwa. Chaka chomwecho chisanathe, atsogoleri a mipingo yachikhristu, Asilamu, maloya, amalonda ndi magulu amene ankafuna kusintha anapanga bungwe la Public Affairs Committee, lija timangoti PAC, ndipo linayamba kukhala pansi ndi komiti imene Dr. Kamuzu Banda anasankha kuti izikambirana nawo m'malo mwa boma. Mu Okutobala Kamuzu analengeza kuti kukhala riferendamu. Pa 14 Juni 1993 anthu anakasankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, kutanthauza ulamuliro wa zipani zambiri. Chisankho chinachitika pa 17 Meyi 1994, ndipo Kamuzu anavomera pa wailesi kuti wagonja.

Sitikukumbutsana izi kuti titamande chipani china kapena kunyoza china. Chimene tikufuna kuona ndi ichi: anthu amene anakhala pansi m'miyezi imeneyo sankakondana, ndipo sankakhulupirirana. Ena anali atangotuluka m'ndende, moyang'anizana nawo mutakhala anthu a boma limene linawatsekera. Magazi anakhetsedwa ndithu, monga pa zipolowe za mu Meyi 1992, koma dziko silinalowe m'nkhondo. Ndipo nkhondo tinkaidziwa. Anthu a ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza ankakhala limodzi ndi abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique, amene anafika pafupifupi miliyoni imodzi. Nkhondo imeneyonso siinathe ndi mfuti. Inatha pamene adani anasainirana pangano ku Rome pa 4 Okutobala 1992, atakambirana zaka zoposa ziwiri.

*Amene analiko nthawi imeneyo afotokozere achinyamata chinthu chimodzi chimene ankaopa kunena. Achinyamata nawo anene chimene amaopa kunena lero, ndi amene amamuopa.*

Umodzi wake uti?

Apa pali nkhani imene ife Abahá'í sitiyenera kuizemba. Nthawi ya chipani chimodzi mwana wasukulu aliyense ankaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mawu onsewa ndi abwino. Koma mmene ankagwiritsidwira ntchito, umodzi unkatanthauza kuti wina wanena kale, enanu vomerani. Tsono ife mawu akuti umodzi sachoka pakamwa pathu, ndipo timaphunzitsanso kuti wokhulupirira azimvera boma la dziko limene akukhala. Gogo amene mlongo wake anakagona ku Mikuyu chifukwa cha mawu amene anangowanena pocheza, akatimva tikulankhula chotere ali nacho chifukwa chotikayikira. Tingamuyankhe chiyani?

Tonse timaudziwa mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga. Koma ndani anaonapo denga la nkhokwe likusenzedwa anthu ali duu? Pamakhala phokoso. Uyu akuti kwezani kumeneko, uyo akuti dikirani pali chitsa, winayo akuti ine kuno kwandilemera. Amene waona kuti mbali yake ikupendekeka n'kukhala chete poopa kuoneka wamwano ndiye amagwetsera anzake denga pamutu. Umodzi wa anthu osenza denga umachokera m'kulankhulana. Umodzi wina uja, wakuti aliyense atseke pakamwa, sunakwezepo denga lililonse.

Kumvera boma nakonso sikutanthauza kusowa mawu. Kumatanthauza kuti sitiphwanya malamulo, sitikonza chiwembu, sititola miyala. Sikutiletsa kupita kwa khansala kukamuuza kuti ana akuwoloka mtsinje pamtengo chifukwa mlatho unakokoloka, kapena kufunsa kuti ndalama za chitukuko zagwira ntchito yanji. Malamulo aakulu a dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994 n'kukhazikika mu 1995, amanena m'gawo 12 kuti mphamvu za olamulira zimachokera kwa anthu. Gawo 35 limateteza ufulu wolankhula, gawo 38 ufulu wosonkhana mwamtendere. Munthu wofunsa funso mwaulemu pamsonkhano wa chitukuko akumvera malamulo amenewa, sakuwaphwanya ayi.

Zimenezi si zachilendo m'Chikhulupiriro chathu. Bahá'u'lláh, ali mkaidi, analembera Mfumukazi Victoria ya ku Britain n'kuiyamikira pa zinthu ziwiri: kuletsa malonda a akapolo, ndi kuika udindo wokambirana za dziko m'manja mwa nthumwi za anthu. Anachenjezanso kuti nthumwizo zikhale zokhulupirika, zoganizira anthu onse osati a kwawo okha. Mu 1875 'Abdu'l-Bahá analemba buku lonena za mmene dziko la Persia lingatukukire, lija pa Chingerezi limatchedwa The Secret of Divine Civilization, ndipo sanalembepo dzina lake kuti pasakhale woganiza kuti akudzifunira kanthu. M'bukumo anakamba za sukulu, ziphuphu, chilungamo ndi nyumba za malamulo. Anaona kuti ndi bwino aphungu azisankhidwa ndi anthu, popeza munthu wodziwa kuti anthu angathe kumutaya amasamala pochita zinthu. Koma ananenanso kuti nyumba ya malamulo siipindula kanthu ngati okhalamo ndi olandira ziphuphu kapena osadziwa ntchito yawo, ndiponso kuti anthu wamba akamanidwa maphunziro amalephera ngakhale kufotokoza dandaulo lawo kwa akuluakulu. Munthu amene analemba zotere sankaphunzitsa anthu kukhala chete.

Pakamwa panatseguka, nanga makutu?

Vuto lathu lero ndi lina. Olankhula ndi ambiri, omvera ndi ochepa. Tamvetserani pologalamu ya mafoni pa wailesi, kapena tsegulani gulu la WhatsApp la kumudzi kwanu nyengo ya chisankho ikayandikira. Munthu akanena mfundo, funso loyamba silikhala lakuti kodi zimene wanenazo n'zoona. Timayamba tafunsa kuti ndi wa kuti ameneyu, wa mtundu wanji, wa chipani chanji, wamutuma ndani. Tikapeza yankho, nkhani yatha, mfundo yake sitiiyezanso. Ifenso m'gulu lino, tikanena chilungamo, tinatumizapo uthenga wa mawu kwa anthu khumi tisanadziwe amene anaujambula.

Komatu kumvetsera timatha. Mlandu wa chisankho cha pa 21 Meyi 2019 unkaulutsidwa pa wailesi miyezi ingapo, ukumasuliridwa m'Chichewa, ndipo anthu m'minibasi, m'magolosale ndi m'minda ankamvetsera mboni ikufunsidwa za pepala limodzi kwa maola. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anawerenga chigamulo tsiku lonse mpaka usiku, dziko lili tcheru. Kaya chigamulocho chinakukondweretsani kapena ayi, onani kuti anthu amene amati sangakhale pamsonkhano ola limodzi anatha kudikira umboni wonse asanamve mathero. Luso limenelo lilipo mwa ife. Chosowa ndi kulibweretsa pansi pa mtengo wa m'mudzi mwathu, kumene kulibe oweruza ovala mikanjo.

Mjigo umodzi, mudzi wa mbali ziwiri

Tiyeni tiyerekeze mudzi. Si mudzi weniweni, koma ambiri a ife tiuzindikira. Kwabwera uthenga kuchokera ku khonsolo kuti mudziwu ulandira mjigo umodzi, ndipo anthu asonyeze dera limene akufuna kuti akatswiri akayeze madzi. Makomo ena ali kumtunda, kufupi ndi msewu ndi kwa amfumu. Makomo ena, ochulukirapo pang'ono, ali kutsidya la dambo.

Msonkhano wachitikira pansi pa mtengo wa mango. Abambo akhala pamipando ndi pazitsa, amayi pansi chapatali, achinyamata aimirira kumbuyo. Atatha malonje, woyamba kuimirira ndi bambo wina wa golosale, munthu wothandiza ndithu, amene ngolo yake imanyamula nkhuni pamaliro alionse. Iye akuti mjigo ukhale pafupi ndi msewu kuti galimoto yokumba ifike mosavuta, ndiponso alendo aziona kuti mudzi uno ndi wotukuka. Amfumu agwedeza mutu. Mphunzitsi wina wopuma ntchito wawonjezerapo mawu awiri a Chingerezi. Wapampando wafunsa kuti, "Tagwirizana kodi?" Anthu ayankha kuti eee, aomba m'manja, mlembi walemba. Ola silinakwane.

Msonkhano weniweni wayambira panjira, pobwerera. Amayi a kutsidya ndi amene akunena tsopano zimene sananene pansi pa mtengo paja: kuti dzinja dambo likadzaza palibe angawoloke ndi ndowa pamutu, kuti pamene asankhapo pali kumunsi kwa zimbudzi za pamsika, kuti mtsikana wa sitandade 6 azichedwabe kusukulu monga kale. Patapita miyezi, timalabala ta m'kati mwa mjigo tatha, monga timathera pa mjigo uliwonse, ndipo komiti yayamba kuyenda khomo ndi khomo kutolera ndalama zokonzera. A kutsidya ayankha mawu amodzi: akonze eni ake. Mjigo wafa, onse abwerera kuchitsime cha kudambo, ndipo mbali ziwiri zija zayamba kuonerana m'kodi ngakhale pamaliro.

*Kodi pamsonkhano uja alipo amene analetsedwa kulankhula? Lilipo lamulo limene linaphwanyidwa? Nanga chinalakwika n'chiyani?*

Tikaganiza bwino, palibe anaopsezedwa. Ufulu wolankhula unalipo, ndipo ambiri anavomera. Koma kukambirana sikunachitike. Anthu anayamba ndi yankho asanadziwe funso. Palibe anafunsa kuti makomo ndi angati mbali iyi ndipo ndi angati mbali inayo. Palibe anafunsa mtunda, chikhalirecho muyezo umene a zamadzi amatsata ndi wakuti mjigo umodzi utumikire anthu pafupifupi 250, ndipo munthu asayende mamita oposa 500 kukatunga. Palibe anatchula kuti mjigo umafunika patali ndi zimbudzi, makola ndi manda. Mlangizi wa zaumoyo akanatha kunena zonsezi m'mphindi zisanu, koma sanaitanidwe. Pa Bungwe Lauzimu timaphunzira kuti tisanayambe kupereka maganizo tiyambe tasonkhanitsa zoona zake za nkhaniyo, ndipo kawirikawiri zoonazo zikaikidwa poyera theka la mkangano limatha lokha. Anthu amakangana kwambiri pamene aliyense ali ndi chithunzi chakechake m'mutu.

Tsono zoonazo zili ndi yani? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo amene amaisenza katatu kapena kanayi patsiku ndiye katswiri wa nkhani ya madzi m'mudzimo, ngakhale sadziwa kulemba dzina lake. Pamsonkhano uja akatswiriwo anakhala pansi chapatali. Kungolengeza kuti aliyense ali ndi ufulu wolankhula sikokwanira, chifukwa mayi amene moyo wake wonse waphunzitsidwa kuti pali apongozi sakweza mawu sangaimirire chifukwa chakuti wapampando wati mafunso alipo. Pafunika wina amufunse mwachindunji ndi mwaulemu kuti, "Mayi, inu mumatunga kuti, ndipo dzinja mumadzera njira iti?" Funso lotere ndi losavuta kuyankha kusiyana ndi lakuti maganizo anu ndi otani. Nthawi zina pafunika amayi akambirane kaye paokha n'kutuma awiri kudzanena. N'chimodzimodzi achinyamata, akamwini ndi obwera, anthu amene amadziwa zambiri koma amadziona ngati mudzi si wawo.

Pano tisanamizire mwambo wa makolo. Pabwalo la milandu amfumu salankhula poyamba. Wodandaula amafotokoza mpaka kumaliza, woyankha nayenso, ankhoswe ndi nduna amafunsa, ndipo amfumu amamanga nkhani pomaliza. Makolo ankadziwa kuti wamkulu akatsogoza mawu ake, ena onse amangothira ndemanga. Pamsonkhano wa mjigo uja mutu wa amfumu unagwedezeka msanga, ndipo kugwedezeka kumeneko kunatseka pakamwa pa anthu makumi asanu. Aliyense wa ife amene ali ndi udindo, kaya ndi mphunzitsi, wapampando, mwini ngolo kapena wotsogolera gulu lophunzira ngati lino, adziwe kuti mawu ake amalemera kuposa mmene iye akuganizira, ndipo aziwasunga mpaka ena atalankhula.

Chovuta kwambiri ndi chimene chimachitika mumtima mwa wolankhulayo. Bambo wa golosale uja sanali munthu woipa. Koma atangonena maganizo ake pagulu, maganizowo anasanduka ulemu wake, ndipo aliyense wowatsutsa akanaoneka ngati akutsutsa iyeyo. Ndiye chifukwa chake anthu anasankha kukhala chete: ndani angafune kuchititsa manyazi munthu amene mawa adzamubwereka ngolo? Chiphunzitso cha Chibahá'í pa kukambirana chimadula mfundo imeneyi pamuzu. Maganizo ukawapereka pagulu salinso ako. Taganizirani ufa wa pamaliro. Khomo lililonse limabweretsa kambale kake, koma ukathiridwa mudengu limodzi palibe amaimirira n'kunena kuti nsima iyi ndi ya ufa wanga, kapena kukwiya kuti ufa wake sunaphikidwe lero. Munthu amene waphunzira kupereka maganizo ake motere angathe kumva akukanidwa osapsa mtima, angathenso kusintha pakati pa msonkhano osaona ngati wagonja. Ndipo anzake amamasuka kunena zoona, chifukwa akudziwa kuti sakumulasa.

Kunena zoona kumene tikukamba sikulalata. Alipo anthu amene amanyadira kuti iwo sabisa mawu, chikhalirecho amangokonda kupweteka anzawo. Aliponso ambiri, mwina ochuluka pakati pathu, amene amati akusunga ulemu pamene akungoopa. Mayi wa kutsidya akanatha kunena kuti, "Zimene anena bambowa zakuti galimoto ifike mosavuta n'zoona, koma ndipemphe tiganizirenso za dambo nthawi ya dzinja." Sananyoze munthu, ndipo sanabise kanthu. Kulankhula kotere kumaphunziridwa, ndipo Phwando la Masiku Khumi ndi Asanu ndi Anayi, limene lili ndi gawo lake la kukambirana, ndi sukulu imene timalowa mwezi uliwonse wa Chibahá'í. Funso ndi lakuti kaya zimene timaphunzira kumeneko zimatuluka nafe pakhomo.

*Yesezani msonkhano wa mjigowu m'gulu lanu. Wina akhale mfumu, wina bambo wa golosale, ena amayi a kutsidya, wina mlangizi wa zaumoyo. Muuchite kawiri: koyamba monga wafotokozedwera, kachiwiri monga mukuona kuti ukanayenera kuyendera. Amene anakhala bambo wa golosale afotokoze mmene anamvera maganizo ake atakanidwa.*

Zikapanda kuyenda mmene tinkafunira

Tinene kuti msonkhano wayenda bwino, onse alankhula, komabe ambiri asankha kumtunda. Mjigo ndi umodzi, wina ayendabe mtunda. Apa ndi pamene demokalase yathu imapunthwa kawirikawiri, kuyambira pa komiti ya sukulu mpaka pa chisankho cha dziko: wogonja amachoka ndi mtima wakuti tiona mmene zithere.

Pa Bungwe Lauzimu timayesetsa kuti onse agwirizane. Zikakanika timatsata ambiri, ndipo chigamulo chikapangidwa chimakhala cha tonse, ngakhale amene anachikana. Sanena kunja kuti ine sindinavomereze, ndipo sagwira ntchitoyo ndi dzanja limodzi. Ena amaona ngati kumeneku ndi kugonjera chabe, koma pali nzeru yake. Ngati theka la mudzi likukoka chammbuyo ndipo ntchito yalephera, palibe angadziwe ngati chigamulo chinali cholakwika kapena chinaphedwa ndi okoka chammbuyowo, ndipo mbali ziwirizo zidzalozana zala mpaka kalekale. Koma onse akachigwira ndi manja awiri n'kulephera, cholakwikacho chimaonekera poyera, ndipo kuchikonza sikuchititsa munthu manyazi. A kutsidya akasonkha nawo ndalama za mjigo wa kumtunda, amakhala ndi nkhope yobwerera ku komiti chaka chamawa n'kunena kuti tinayesa, dambo latikaniza, mjigo wotsatira ubwere kuno.

Wina afunsa, ndipo afunse ndithu: nanga chigamulo chikakhala chopanda chilungamo? Nanga komiti ikagwirizana kuchotsa dzina la mayi wamasiye pamndandanda wa olandira thandizo n'kuikapo mlamu wa wapampando? Kugwirizana ndi chigamulo sikutanthauza kubisa kuba. Kusankha malo a mjigo ndi nkhani imene anthu abwino angasiyane maganizo. Kudya za amasiye si nkhani ya maganizo. Pamenepo timalankhula pamsonkhano pomwepo, poyera, ndi umboni. Zikakanika timakwera nayo nkhaniyo kumene ikuyenera kupita: kwa gulupu, ku komiti ya chitukuko ya dera, kwa DC, ku ofesi ya Ombudsman, kapena ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Chimene sitichita ndi kuyenda nayo m'makomo usiku, kapena kuiponya pa WhatsApp ndi chithunzi cha munthu. Miseche imaoneka ngati kulimba mtima, koma siinabwezerepo wamasiye thumba lake la chimanga.

Opanda chipani, koma osati opanda ntchito

Anzathu ambiri amadziwa kuti Abahá'í salowa zipani za ndale, savala nsalu za chipani, ndipo sachitira munthu kampeni. Kuvota timavota, aliyense mwachinsinsi monga mtima wake wamuuzira, poyang'ana khalidwe ndi luso la munthuyo. Chifukwa chake n'chakuti ndale za zipani zimakhazikika pa kupikisana: kuti ife tikwere, awo agwe. Ntchito yathu ndi kumanga malo amene wa chipani ichi ndi wa chipani icho angakhale pamphasa imodzi, ndipo sitingamange malo otere titavala mtundu wa mbali imodzi. Masankho athu omwe amasonyeza njira ina. Chaka chilichonse mu Epulo, pa nyengo ya Ridván, timasankha anthu asanu ndi anayi a Bungwe Lauzimu mwachinsinsi, popanda woimira, popanda kampeni, popanda wolonjeza kanthu.

Tisanamizane kuti njira imeneyi ndi yopepuka. Dunduzu Chisiza, mnyamata wa ku Karonga, anali mmodzi mwa Amalawi oyamba kulandira Chikhulupiriro ichi, ndipo mu 1953 anapita ndi banja la a Collison kukachifikitsa ku Ruanda-Urundi, ntchito imene inamupatsa dzina la ulemu la Knight of Bahá'u'lláh. Koma ataona nkhanza za ulamuliro wa atsamunda anasankha njira ya ndale, nakhala mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress, mpaka imfa yake pa ngozi ya galimoto ku Thondwe mu Seputembala 1962. Sitikumuweruza. Tikumutchula kuti tidziwe kuti funso limeneli linavutitsapo anthu anzeru ndi okonda dziko lawo kuposa ife, ndipo wachinyamata wa m'gulu lino akalifunsa tisamuyankhe mopeputsa.

Ngozi imene ili pafupi ndi ife ndi ina. N'kosavuta kusandutsa mawu akuti ife sitichita ndale kukhala bulangeti lofunda pamene anzathu akupita kumsonkhano wa sukulu. Anthu ena amatinena kuti timasamba m'manja, ndipo ngati sitipezeka pa komiti ya mjigo, pa komiti ya sukulu, pa ntchito youmba njerwa za chipatala, ndiye kuti akunena zoona. Kusalowa chipani kumatichotsera khomo limodzi lokha. Ena onse ndi otsegula, ndipo munthu amene aliyense akudziwa kuti alibe mbali ndi amene mbali zonse zingamukhulupirire kusunga buku la ndalama kapena kuyendetsa msonkhano wovuta.

Makomowo tiwadziwe. Kuyambira mu 1998, pamene dziko lino linakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu, chitukuko chimayenera kuyambira pansi. Komiti ya VDC, imene imakhala pa gulupu, imasonkhanitsa zofuna za midzi. Komiti ya ADC, ya dera la mfumu yaikulu, imazisanja n'kuzipititsa ku khonsolo, kumene makhansala amene tinawasankha amakhala. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo ambiri a ife sitinazindikire n'komwe kuti pali chimene chasowa, umboni wakuti khomo limeneli tinali tisanaphunzire kulowerapo. Kuyambira pa 30 Seputembala 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma likugwira ntchito, kotero kufunsa kuti ntchito yomanga chipinda cha sukulu yapatsidwa ndalama zingati ndi ufulu wa munthu aliyense, si chipongwe.

*Ndani m'gulu lino amadziwa dzina la khansala wa dera lathu? Komiti ya VDC inakumana liti komaliza, ndipo mwa amene analankhula, amayi anali angati? Ndi nkhani iti m'mudzi kapena m'dera lathu imene anthu amaikamba panjira koma saikamba pamsonkhano?*

Tisanabalalike tisankhe awiri, wamkulu mmodzi ndi wachinyamata mmodzi, apite kwa mlembi wa VDC kapena wa komiti ya sukulu akafunse tsiku la msonkhano wotsatira ndi nkhani zimene zidzakambidwe. Tsikulo tipite tonse amene tingathe, tikakhale mosakanikirana ndi anzathu osati pamodzi ngati gulu. Ulendo woyambawu tikamvetsere kwambiri: ndani walankhula, ndani sanalankhule, ndi mfundo iti imene inasowa kuti nkhani iyende. Tikadzakumananso tidzayambira pa zimene mwaonazo.